Atropine kapena tropicamide: madontho okulitsa mwana wa diso

Madontho awiriwa amatsekereza minyewa ya parasympathetic, yomwe imachepetsa mwana wa diso kukawala, koma amasiyana kwambiri pa kutalika kwa mphamvu yawo.

Tropicamide amagwira ntchito pakangotha mphindi 20 mpaka 40, ndipo mphamvu yake imatha pakadutsa maola pafupifupi 6.
Atropine amakhalitsa, moti munthu amatha masiku 7 mpaka 14 akuona zapafupi mwachimbuuzi ndiponso akuthobwa ndi dzuwa. Kwa mlimi wa ku Kasungu amene akusankha fodya m'chigafa, kapena wakabaza, masiku amenewa ndi ambiri ndithu.

Atropine amaumitsa kukamwa, amathamangitsa mtima ndipo amaletsa thukuta, choncho mwana wothiridwa madonthowa m'nyengo yotentha ya Okutobala ayenera kuyang'aniridwa kuti thupi lisatenthe. Kudina ngodya ya diso ya kumphuno mukangothira kumachepetsa mankhwala olowa m'thupi. Madontho onse awiri ndi oopsa kwa odwala mtundu wina wa glaucoma, matenda amene madzi a m'diso amapanikiza kwambiri mkati mwa diso.

Tropicamide ndi woyenera wodwala shuga amene dokotala akungofuna kumuyeza mkati mwa diso. Atropine amayenera amene diso latupa mkati, kapena mwana amene diso limodzi ndi lofooka, koma pokhapokha dokotala wa maso atalemba.