Ndemanga: kasipika ka sola, wailesi ndi memori khadi, kwa oyenda kutali ndi magetsi

Kasipika kamene ndikukamba pano ndi kaja kadzadza m'maokala a pa Chitakale, pamsika wa Limbuli, ku Luchenza ndi m'mashopu a ku Limbe. Ndi kakuda, kokwana m'manja, kali ndi chingwe chokolekera, tochi kumapeto, kasola kumsana ndi waya wa wailesi wosolola. Dzina la pabokosi musalabadire, chifukwa komweko mukakapeza pamsika wina kali ndi dzina lina. Ine ndimaperekeza alendo kuphiri la Mulanje kuchokera pa Likhubula, ndipo kanga kaona mvula ya dzinja, chisanu cha June ndi fumbi la October. Maganizo anga ndi akuti kwa munthu wofuna wailesi ndi nyimbo zake pamene palibe magetsi, ndalama yake siipita pachabe. Koma ngati mukufuna besi yovinitsa anthu pachinkhoswe, kapena chinthu choti chigwere m'madzi n'kutuluka chikuimbabe, pitirirani.

Chimene chinandigulitsa kasipikaka ndi kabowo ka memori khadi, osati Bluetooth. Anthu a m'tauni samvetsa msanga chifukwa chake. M'nyumba zogona za kuphiri, kaya ku Chambe, Lichenya, Thuchila kapena Chisepo, mulibe potchajira. Foni ya woperekeza alendo si yosangalalira. Ndi imene mungaimbire pansi mlendo akabzungunyuka bondo, ndiponso imene mumauzira dalaivala nthawi yodzakudikirani. Mukailumikiza ku sipika tsiku lonse, zinthu ziwiri zikudya moto nthawi imodzi, ndipo madzulo foni yazima. Nyimbo zikakhala pa khadi, foni imagona m'chikwama ili chizimire, bandulo osakhudzidwa. Mumangopita kwa anyamata obena nyimbo, akuikireni za kwaya, reggae, tchopa ndi zina zimene mtima wanu umakonda, basi mwamaliza.

Pa khadi pomwepa pali zoti mudziwe. Kanga kamawerenga MP3 yokha. Nyimbo zimene zinabwera pa WhatsApp ngati mawu ojambula, kapena mavidiyo, kamangozidumpha osanena kanthu, ndipo munthu amayamba kukangana ndi wobena uja kuti anamubera. Khadi lisapitirire 32GB, ndipo likhale lokonzedwa (lofomatidwa) mwa njira yotchedwa FAT32. Makhadi akuluakulu amabwera ndi kakonzedwe kena kamene timasipika totchipati sitikadziwa. Chokhumudwitsa n'chakuti mafoda sikawazindikira. Kamayala nyimbo zonse pamzere umodzi, ndiye ngati mwaika nyimbo 600 ndipo mukufuna ya nambala 400, chala chidzatopa. Njira yanga ndi makhadi ang'onoang'ono angapo, lina la Lamlungu, lina la panjira, ndimawasunga m'kabotolo kouma ka mankhwala. Kabwino kake n'kakuti mukazimitsa n'kuyatsanso kamayambira pa nyimbo imene kanalekezera.

Tsopano bokosi. Pabokosi la kanga analembapo 200W ndi zilembo zazikulu zofiira, ndipo wogulitsa analoza pomwepo: "Achimwene, aka n'kamphamvu, onani mawatsi." Tiyeni tiwerengere limodzi. Mkati muli batire limodzi la mtundu wotchedwa 18650, lolembedwa 3.7V ndi 1200mAh. Mukachulukitsa ziwirizi mupeza kuti mphamvu yonse ili m'batiremo ndi pafupifupi 4.4Wh. Chinthu chokokadi mawatsi 200 chingalimalize batire limeneli m'masekondi 80, nyimbo imodzi isanathe. Popeza kanga kamaimba maola angapo, ndiye kuti mawatsi ake enieni ndi owerengeka ndi zala za dzanja limodzi. Zimenezi si zoipa ayi. Sipika ya JBL Go 3, imene alendo ambiri amabwera nayo, kampani yake imalemba poyera kuti ndi ya 4.2W, ndipo imamveka bwino ndithu. Choipa ndi kugula kasipika chifukwa cha nambala ya pabokosi n'kusiya kumvetsera ndi makutu anu.

Nanga kamamveka bwanji? Mawu a munthu kamawatulutsa bwino kwambiri. Nkhani, ulaliki, owulutsa mpira, kwaya ya amayi, zonsezi zimamveka mbee, ngakhale muli pafupi ndi mtsinje wosokosa. Besi ndiye mulibe, ndipo sizingatheke m'kabokosi kopepuka chonchi. Ng'oma za tchopa zimamveka ngati munthu akugogoda chidebe chopanda madzi. Mukakweza kupitirira pang'ono theka, mawu amayamba kusweka ndipo chikuto chimanjenjemera. Mukakakhazika pathabwa kapena pakona ya chipinda kamanenepako mawu, koma mukakakoleka pachikwama panja, pamphepo, besi yochepa ija imathawiratu.

Batire ndi pamene ndikhalitsepo, chifukwa kwa ife ndi nkhani yaikulu. Pansi, nyengo yotentha, ndikaika voliyumu pakati, kamandifikitsa madzulo kuchokera m'mawa, ndikumakazimitsa apo ndi apo. Ndikakweza mpaka kumapeto, sikafika ndi masana omwe. Wailesi siidya moto wambiri ngati nyimbo, tochi ndiyo imamaliza batire mwakachetechete. Kuphiri nkhani imasintha. Ku Chisepo, kumene timagona tisanakwere Sapitwa, nsonga ya phirili yotalika mamita 3,002, usiku wa June ndi July kumazizira mpaka udzu kuyera m'mawa. Batire la lithium likazizidwa limapereka moto wochepa, ndiye kasipika kamene munagona kali ndi moto kamadzuka kakulira kuti katha. Sikuti kawonongeka. Mukakaika m'thumba la jekete kwa kanthawi kamatsitsimuka. Ine ndimachotsa batire n'kugona nalo m'chofunda pamodzi ndi foni.

Kuchotsa batireko ndiye chinthu chimene ndimakayamikira koposa. Kumsana kuli kachitseko, mumasolola batire ngati la tochi n'kuika lina. Masipika ambiri odula ndi omata, ndipo batire likafooka pakapita zaka mumafunika munthu wodziwa kutsegula. Kuno mabatire a 18650 amapezeka kwa okonza mafoni ndi ogulitsa zipangizo za sola. Chenjerani nawo komabe. Batire lenileni la kukula kumeneku silipitirira kwenikweni 3500mAh, ndiye mukaona lolembedwa 8800 kapena 9900 dziwani kuti ndi bodza. Liyeseni m'manja. Labwino limalemera magalamu pafupifupi 45, lachinyengo limapepuka. Amene amachokera m'mabatire a ma laptop akale nthawi zambiri amaposa atsopano owala a pamsika. Ndipo musaliponye m'thumba limodzi ndi makiyi kapena ndalama zachitsulo, chifukwa mbali ziwiri za batire zikakhudzana ndi chitsulo limatentha mpaka kuwotcha nsalu.

Kasola ka kumsana ndi kokongoletsa chabe. Ndi kakang'ono kwambiri moti ngakhale dzuwa litaswa mtengo tsiku lonse, batire silidzaza. Kuno kwathu, kumene chiperoni chimatha kuphimba phiri masiku angapo otsatizana, musawerengere n'komwe. Chinanso, kuti sola igwire ntchito kasipika konse kayenera kukhala padzuwa, ndipo kutentha ndi kumene kumafupikitsa moyo wa batire. Sola ya panyumba kapena power bank ndiyo yodalirika. Potchajira pa kanga ndi pa micro-USB, paja pa mafoni akale, ndipo payamba kugwedera. Ngati mungapeze ka USB-C, onjezerani ndalama pang'ono mutenge kameneko.

Madzi ndi mdani wake. Mulanje ndi Thyolo ndi maboma a mvula, n'chifukwa chake tiyi anamera kuno, ndipo aliyense wogula sipika yoyenda nayo ayenera kuyamba kufunsa za madzi asanafunse za besi. Pa kanga palibe chizindikiro chilichonse cha IP, chimene chimasonyeza mmene chinthu chimapiririra madzi ndi fumbi. Mabowo a khadi, fulashi ndi tchaja ali poyera, opanda chotsekera. Mvula yeniyeni siivuta chifukwa mumaiona ikubwera n'kubisa katundu. Chovuta ndi chiperoni, kamvula kaja kosanyowetsa msanga koma kolowa paliponse. Kanga kanayamba kukanda mawu ndipo khadi linaleka kuwerengeka mpaka nditakaumitsa masiku angapo, batire nditachotsa. Tsopano kamayenda m'jumbo ya shuga, ndipo mawu amatulukabe mokwanira. Anzanga othyola tiyi, amene ntchito yawo imachuluka dzinja lenileni, ndi a kabaza amene amakoleka sipika pahandulo, amachitanso chimodzimodzi.

Apa ndi pamene JBL Go 3 imapambana mosakayikitsa. Ili ndi IP67, kutanthauza kuti fumbi sililowa ndipo imapirira m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. Ndaona alendo akuiika pamwala pa Dziwe la Nkhalamba, madzi akuithira, iyo ikuimbabe. Mawu ake ndi onenepa kuposa a kanga, imatchajira pa USB-C, ndipo kampani imati batire limafika maola 5. Koma ilibe wailesi, ilibe poika khadi, ilibe tochi. Popanda foni ndi chidole chabe. Kwa mlendo wokhala ndi power bank yaikulu ndi nyimbo zodzadza m'foni, ndi yabwino zedi. Kwa ine ingandithere foni. Ndalama yakenso mungagule nayo timasipika ngati kanga tingapo, makamaka chichokereni November 2023 pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, katundu wochokera kunja n'kukwera. Ndipo samalani ndi zonamizira. Mukaona yolembedwa JBL Go 3 koma ili ndi bowo la khadi kapena fulashi, kapena ikugwira wailesi, si yeniyeni, ngakhale bokosi likongole bwanji. Yonamizirayo ikhoza kukutumikirani, koma muilipire mtengo wa yonamizira, ndipo musaiyandikize kumadzi.

Wailesi yake ndaikonda. Pansi imagwira MBC, Zodiak, Times ndi Mzati popanda vuto mukasolola waya. Pamwamba pa phiri imagwira zochuluka kuposa apo, mpaka za ku Mozambique zimalowerera, poti Milange ali pafupi kungodutsa Muloza. M'zigwa, mwala ukakutchingani, imangosokosa mpaka mutatulukira pamtetete. Masana a Loweruka, Bullets kapena Wanderers ikamasewera, onyamula katundu ndi mlonda wa nyumba yogona amasonkhana pa kasipika kameneka, ndipo pamenepo palibe amene amafunsa za besi. Chosowa ndi kagalasi koonetsa nambala ya siteshoni. Kamadzifufuzira kokha n'kusunga mawailesi motsatana, ndiye mumangodina mpaka mutamva mawu amene mukuwadziwa. Mukasintha dera muyenera kufufuzanso.

Zinthu ziwiri zimandikwiyitsa tsiku ndi tsiku. Choyamba ndi mabatani. Batani lokwezera mawu ndi lomwelo lodumphira nyimbo: mukadina n'kugwira mawu amakwera, mukadina kamodzi nyimbo yasintha. Zala zikazizidwa, kapena mutavala magolovesi, mumapezeka mwadumpha nyimbo imene mumafuna kuikweza. Chachiwiri ndi mayi wa Chingerezi amene amalengeza mokuwa nthawi iliyonse mukayatsa, mukasintha kuchoka pa khadi kupita pa wailesi, komanso batire likatsala pang'ono. Voliyumu simukhudza mayiyu. M'nyumba za kuphiri anthu amagona chipinda chimodzi pansi, ndiye mukati muyatse 4 koloko m'mawa kuti mumve nkhani mwakachetechete, mwadzutsa onse. Ndimakafunditsa jekete ndisanayatse. Bluetooth yake ilibe nkhani: imalumikiza msanga, imafika mamita pafupifupi 10 pamtetete, ndipo foni ikakhala m'thumba la kumbuyo imadukaduka.

Ndinenepo pang'ono za khalidwe, poti timasipikati tachuluka m'njira za kuphiri, makamaka magulu a achinyamata akabwera pa holide. Ine poyenda ndi alendo sindiyatsa pokhapokha iwo atapempha. Ambiri amalipira ndalama zawo kuti adzamve madzi ndi mbalame. Akuluakulu a kuno amalilemekeza phirili ngati malo a mizimu ya makolo, ndipo ndi chikhalidwe chimenechi chimene chinachititsa kuti bungwe la UNESCO lililembe m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2025. Palinso chifukwa cha chitetezo. Nkhungu ikatsika njira ya ku Sapitwa, munthu wa patsogolo panu simumuona, ndipo chimene chimasunga gulu pamodzi ndi kuitanizana. Nyimbo zidikire kunyumba yogona, moto utayaka, nsima ili pamoto.

Pogula, musalole kupatsidwa ka m'bokosi lomata. Pitani ndi khadi lanu ndi foni yanu, muyese khadi, fulashi, wailesi, tochi ndi Bluetooth pomwepo wogulitsa akuona. Kwezani mpaka kumapeto mumve ngati chikuto chikunjenjemera, gwedezani tchaja muone ngati kanyali kofiira kakuzimazima, ndipo tsegulani kumsana muone batire. Timasipika tamtunduwu sitibwera ndi chikalata chilichonse chobwezera, ndiye gwirizanani pakamwa masiku obweza, ndipo mugule kwa munthu wa okala yokhazikika, osati woyenda nato m'manja pa depoti. Pa nyenyezi 5 ndikapatsa 3: wailesi, khadi ndi batire losintha zakweza, madzi, mabatani ndi bodza la pabokosi zatsitsa.