Ampu ndi yabwino, koma mnyamata wa mu loja wandiphetsa matwita awiri

Ndapereka nyenyezi zitatu mwa zisanu, ndipo ziwiri zomwe ndachotsazo ndi chifukwa cha wogulitsa, katunduyu alibe mlandu waukulu. Ndinagula ampu (chokuzira mawu) ya matchanelo awiri ndi mikisa (chosakanizira mawu) ya matchanelo 8 mu loja ina ya zamagetsi mumzinda wa Tete, 21,000 meticais zonse pamodzi, osachotserapo ngakhale ya chapa (minibasi). Pa katoni analemba 3000W, koma amene mumagwira zoimbira mukudziwa kuti nambala yotereyi, yomwe amati PMPO, ndi yokopera maso. Kumbuyo kwa ampuyo kwalembedwa 350W pa tchanelo pa 8 ohm, yokwanira masipika anga a mainchi 15.

Ndikulipira, mnyamatayo anati, "Achimwene, ndikutcherereni konkuno kuti mukangofika n'kulumikiza." Anapotokola GAIN (kabatani ka pa mikisa kokweza mawu akamalowa) wa tchanelo chilichonse mpaka kumapeto, ma volume a pa ampu nawonso mpaka kumapeto, mafeda (timabatani tokankha tokwezera mawu otuluka mu mikisa) n'kuwasiya pansi. Anandigulitsanso chingwe cha foni chokalowa pa bowo la maiki, kenako anamata tepi yakuda pa ma GAIN aja. Akuti apa osakhudza, mphamvu yonse ili pamenepa.

Loweruka lake ndinali ndi ukwati ku Domue. Tisanaike nyimbo n'komwe masipika anali kale pa "shiiii", moti amayi amene ankaphika kuseri anabwera kudzafunsa ngati kukubwera mvula. Mwambo utayamba, woyendetsa mwambo akangosuntha phazi maiki inkalira "tswiii", ana n'kumatseka makutu. Timagetsi tofiira ta PEAK pa mikisa tinkangoyaka osazima, chonsecho feda ili pansi. Nthawi ya perekaniperekani itakwana anthu anakuwa kuti kwezani, ndinakankha feda pang'ono chabe. Getsi la CLIP pa ampu, lochenjeza kuti mawu apyola muyezo, linayaka mbali zonse ziwiri, nyimbo inamveka ngati ng'oma yong'ambika, kenako fungo la vanishi wopserera. Matwita, timasipika totulutsa mawu opyapyala, anapsa, mawu onse opyapyala anazimiririka, kunatsala besi yokha kuti gu gu gu. Woyendetsa mwambo amaitana a kuchimuna kuti abwere ndi ndalama, palibe amene amamva dzina lake. Ankhoswe anandiyang'ana diso lija, ndipo madzulo anandidula theka la malipiro. Sindinawatsutse, ukwati wa mwana wawo unali utawonongeka ndithu.

Nditabwerera ku loja, mnyamatayo anayamba wanena kuti ndi jenereta. Nditamuonetsa tepi yake ili pompo, anasintha nkhani, akuti masipikawo sindinagule kwa iwo ndiye sizikuwakhudza. Mwini loja sanatuluke n'komwe mu ofesi.

Amene anandimasulira nkhaniyi ndi mkulu wina wokonza mawailesi pa msika wa ku Ulongwe, komwe ndinapititsa matwita. Anangoona tepi ija n'kuseka. Anati maiki imatulutsa mawu ofooka kwambiri, timamilivoti chabe, n'chifukwa chake bowo lake lili ndi preamp, kachipangizo kokweza mawuwo mpaka cha m'ma 50 kapena 60 dB. Foni imatulutsa mawu okula kale. Ukailowetsa pa bowo la maiki GAIN ali kumapeto, mawuwo amadulidwa nsonga pakhomo pomwe, ndipo kutsitsa feda kumangochepetsa mawu ophwanyika kale, sikuwakonza. Mawu odulidwa nsongawo amadzaza mphamvu yambiri kumtunda, koyilo ya twita n'kutentha mpaka kupsa. Ananenanso kuti volume ya pa ampu sichepetsa kapena kuwonjezera mawatsi. Imangotsegula kapena kuchepetsa zolowa, moti ngakhale ili pa theka ampu itha kufika pa CLIP mikisa ikamatumiza zambiri.

Anatchera ine ndikuona. Foni anaisamutsira pa tchanelo cha stereo cholembedwa LINE. Pa maiki anabweza GAIN pansi, anadina PFL (batani loonetsa kukula kwa mawu a tchanelo pa mita), n'kundiuza kuti, "Aphwanga, kuwani mmene mumakuwira pa ukwati, osati kunong'ona halo halo." Ndikukuwa, iye amakweza GAIN pang'onopang'ono mpaka timagetsi ta mita tikuvina pa 0, chofiira osayaka. Feda ya tchanelo ndi ya master anaziika pa 0. Ampu anaikhudza pomaliza, kuikweza kuchokera pansi mpaka mawu atadzaza bwalo, CLIP ikungophethira kamodzikamodzi besi ikagunda mwamphamvu. Volume ya ampuyo inaima itapitirira theka pang'ono.

Apa ndiye ndinamva chimene ndinagula. "Shiiii" uja anatha, mawu a munthu akumveka mpaka kumapeto kwa bwalo, ndipo ndaimbira maukwati ndi misonkhano ya mpingo ku Angónia konkuno popanda vuto. Pa mtengo umenewu sindinayembekezere besi yogwira chonchi, ndipo ndikanakhala ndi ndalama ndikanawonjezera ampu ina yofanana nayo, koma kwa wogulitsa wina.

Zofooka zilipo. Mikisa ilibe batani la PAD lochepetsa mawu olowa, ndipo GAIN wake sakwera mofanana: amayenda bwinobwino, kenako chakumapeto kukhudza pang'ono mawu amalumpha. Fani ya ampu imasokosa, m'tchalitchi nthawi ya pemphero imamveka. Kutentha nakonso ampuyo imakuopa. Kuno kumapiri sinazimepo, koma ku Moatize mu November, nditalumikiza masipika awiri a 8 ohm pa tchanelo chimodzi, zomwe zimatsitsa ma ohm kufika pa 4 n'kuilemetsa ampu, getsi la PROTECT linayaka ampu n'kuzima yokha masana dzuwa lili paliwombo, tinadikira izizire. Amene mukagwiritse ntchito kumunsi kwa Zambezi muiike pa mthunzi, kumbuyo kwake kusatsamire khoma, ndipo mukhale ndi fani yapadera.