Mpira wanga wa bowling wayambanso kukhota, koma okonza anandichedwetsa

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu kwa kashopu kamene kanandikonzera mpirawu.

Ndimasewera bowling, masewero ogubuduza mpira wolemera kuti ukagwetse mapini khumi, mu ligi Lachiwiri lililonse madzulo kuno ku Johannesburg. Mpira wanga ndi wolemera mapaundi 15, wa mtundu wa reactive resin, ndipo ndakhala nawo chaka ndi theka. Udakali watsopano unkati ukafika kumapeto kwa leni (kanjira kamene timaponyamo mpira), n'kukhota mwaukali kukalowa pakati pa pini yoyamba ndi yachitatu. Miyezi yapitayi unayamba ulesi. Ndikauponya unkangotsetsereka ngati wadutsa pa therere, pini ya nambala 10 n'kumatsala ili chilili. Ndinkaganiza kuti dzanja langa ndi limene lalowa dzimbiri, mpaka mnzanga anandiuza kuti ndiupititse ku kashopu kokonza mipira.

Bambo amene ndinawapeza kumeneko anangoutembenuza kawiri, n'kupaka chala pa mizere imene mpira umagudubuzikira. "Achimwene, mpirawu sunafe ayi, wangokhuta mafuta." Anandifotokozera kuti leni ndi yaitali mafiti 60 kukafika pa pini yoyamba, ndipo amathira mafuta pa mafiti pafupifupi 40 oyambirira, kotsalako n'kouma. Khungu la mpira wotere lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso timene timamwa mafutawo ngati siponji, n'chifukwa chake umagwira pansi ukafika pouma paja. Timabowoto tikadzaza, basi, ulibenso chogwirira. Komanso kugudubuzika kwa masewero ambirimbiri kumasalalitsa khungu lija mpaka kumanyezimira. Ine kunyezimirako ndinkanyadira, ndimvekere mpira wanga ndi waukhondo!

Anauika m'makina otenthetsa pang'onopang'ono, kutentha kwake cha m'ma digiri 50 a Celsius. Anandionetsa mpira wa munthu wina umene unali momwemo: unali thukuta kamukamu, ndipo ataupukuta kapepala kanachita kunyowa mafuta okhaokha. Wanga, atauchotsa mafuta, anaukhazika pa chozunguza n'kuupala ndi timapadi ta Abralon tonyowetsa, kuyamba ndi ka 500 kokhakhala, kumalizira ndi ka 2000.

Tsiku loyamba kuuponya ndinaphonya kumanzere katatu kotsatizana, chifukwa ndinali nditazolowera kuunyengerera. Nditasuntha mapazi pang'ono, mapini anayamba kugwa monga kale. Sindinganame kuti wabwerera mwakale ndendende. Ukali wa sabata yoyamba ija sunabwerere wonse. Koma wogula mpira watsopano adikire kaye, ayambe wayesa zimenezi, mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha izi: anandilonjeza masiku awiri, ndinautenga patatha masiku asanu, moti ligi ya sabata imeneyo ndinasewera ndi mpira wobwereka. Anamatulanso tepi imene ndinamata m'bowo la chala chachikulu osandiuza, ndinadzazindikira mpira utandipulumuka m'manja.

Malangizo awo okha ndawasunga. Akuti ndisayerekeze kuuika mu uvuni wa kunyumba kapena kuusiya m'buti ya galimoto padzuwa, ungang'aluke. Ndiziupukuta ndikangoponya kulikonse mafuta asanalowe mkati, ndiziutsuka ndi mankhwala ake ndikamaliza kusewera, ndipo ndibwerenso nawo pakatha masewero pafupifupi 60. Ndinagula pomwepo kachikopa kopukutira, ndipo tsopano ndayamba kulemba masewero anga kuseri kwa kope la ligi. Ndafika pa 21.