Mukadzalandira foni ya za ziwalo zanga musadzati ndi ufiti

Abale kumudziko, nkhani iyi ndakhala nayo kukhosi kwa nthawi ndithu. Tsiku lomwe ndinkalembetsa laisensi ya galimoto kuno ku Leicester ku England pa fomupo panali funso loti kodi ndikadzamwalira ziwalo zanga adzapatse odwala? Ine mtima unangoti phaa, paja kwathu ukangomva zoti ziwalo maganizo amathamangira kwa abale athu achialubino aja ndi asing'anga.

Anandimasulira ndi mnzanga wina nesi, tikumwa tiyi pa buleki usiku. Akuti kuyambira pa 20 May 2020 lamulo la ku England limangotenga kuti unavomera, pokhapokha utakalembetsa wekha ku NHS, bungwe la zipatala za boma kuno, kuti toto. Ku Wales anayamba kale mu 2015. Ana osakwana zaka 18 komanso amene sanathe miyezi 12 m'dziko muno siziwakhudza, koma ine ndatha zaka zinayi ndiye ndili momo.

Ndinamufunsa zomwe inunso mungafunse. Amagulitsa? Ayi, ndi mlandu, palibe olo tambala yomwe banja limalandira. Nanga maliro? Amasoka bwinobwino ngati opaleshoni ina iliyonse, bokosi likwera ndege, mwambo woona nkhope uchitika monga mwa nthawi zonse. Ndiponso si aliyense amachotsedwa, kwenikweni ndi omwe atsirizikira mu ICU ali pa makina opumira.

Chomwe chinandifewetsa ndi bambo ena ochokera ku West Africa omwe ndimawasamalira. Katatu pa sabata amapita ku dialysis, maola anayi ali gone pa makina osefa magazi poti impso zinasiya kugwira ntchito, pobwera ali lefuu olo supuni kukanika kunyamula, madzi akumwa mochita kuyeza mukakapu. Anthu akudafe timadikira impso nthawi yaitali kuno chifukwa imagwirizana bwino ikachokera kwa wamtundu wako, ndiye opereka ndife ochepa. Kwathu mukudziwa, makina aja ndi a m'zipatala zochepa ngati ku Kamuzu Central ndi ku Queens, wofuna impso ina mpaka ku India.

Koma olo lamulo lili choncho achibale amafunsidwabe, ndiye tangoganizani mayi ku Ntcheu kuimbiridwa foni pakati pa usiku ndi mzungu akunena za impso za mwana wawo. Nchifukwa ndinawaimbira ndekha Lamulungu lapitali. Anakhala chete mpaka ndimaganiza kuti netiweki yathawa, kenako akuti, "Impsozo apatse, koma maso asiye, udzationa ndi chiyani kumeneko?" Mwayi wake pa fomu umasankha chiwalo chimodzichimodzi, pa maso ndachongapo ayi.