Dzino langa analimata bwino ku Avondale

Crown (kachipewa kovekedwa pa dzino) ya dzino langa lakutsogolo inagwera m'mbale ya nsima kawiri konse, pamaso pa apongozi. Ulendo uno ndinasintha dokotala wa mano, ndinapita ku Avondale mumzinda wa Harare. "Amayi, lero timata ndi resin cement," anatero, akundionetsa simenti yomatira mano yotchedwa Panavia ya kampani ya Kuraray ya ku Japan.

Anapala simenti yakale yonse, n'kuumitsa dzinolo mpaka m'kamwa munachita kuti gwa, poti malovu amalepheretsa simentiyi kugwira. Kenako anaunikapo kuwala kwa buluu masekondi ochepa kuti ilimbe, zotsalira pa usinini n'kuchotsa mosamala.

Mtengo wake ndiye unandiliza, abale, madola a ku America! Koma miyezi 6 yatha tsopano, chimanga chootcha cha pa msika wa Mbare Musika ndikukukuta osaopa.