Bokosi la D&D Starter Set lawayankhulitsa alamu anga

Bokosi ili anandibweretsera achimwene kuchokera ku Johannesburg mu June, tasewera masabata 6 Loweruka lililonse kunyumba kwathu ku Chibavi ndiye ndati ndinenepo. Kwa amene simukuidziwa, Dungeons & Dragons ndi gemu ya patebulo inayamba mu 1974 ku America, mmodzi amakamba nkhani, amamutchula kuti DM, enawo aliyense amatenga munthu wake nkumanena zomwe akufuna kuchita, madayisi ndi amene amaweruza ngati zatheka. Mkatimo muli kabuku ka malamulo ka masamba 32, buku la nkhani la Lost Mine of Phandelver, madayisi 6 ndi mapepala 5 a anthu okonzedwa kale, wongotenga nkuyamba.

Tsiku loyamba ine monga DM zinandivuta kwambiri. Anyamata awiri a ku Mzuni amangoyankhula okha, pomwe alamu anga ndi mng'ono wanga anangoti zii ngati tikukamba nthano za agogo zija zoti iwe ntchito yako nkungoti tili tonse basi. Ndikafunsa kuti mupanga chani, alamu amangoti zomwe apange anzangawo, foni ili m'manja, tiyi kuzizira pambali. Zinandiwawa chifukwa ndinawaitana ndine ndipo ndimadziwa kuti kunyumba alamuwo ndi munthu wa nkhani zambiri.

Chomwe chinandipulumutsa ndi mapepala aja. Aliyense analembedwa mbiri yake komanso chimene akufuna pa ulendowu. Alamu anatenga halfling wakuba (halfling ndi mtundu wa anthu aafupi a mu gemuyi), ndipo papepala pake pali zoti kale anali mu gulu la zigawenga za Redbrands za mutauni ya Phandalin, komanso ali ndi azakhali ake a Qelline Alderleaf omwe ali ndi munda komweko. Sabata yachiwiri ndinasiya kufunsa gulu lonse, ndinawayang'ana alamu okha nkuyankhula ngati azakhaliwo, ndinachita kuziika mu Chitumbuka poti iwo ndi a ku Ekwendeni, kuti mwana wanga wabwera, anyamata a Redbrands aja anali pano dzulo akukusaka. Foni anaiika pansi chafufumimba. Anafunsa kuti anali angati, alowera kuti, kenako ndi iwo anayamba kuuza a ku Mzuni aja pobisala mpaka magetsi anazima tinapitiliza ndi kandulo wina osafuna kunyamuka.

Mng'ono wanga yemwe ndi wamanyazi funso loti upanga chani limamukulira, ndiye ndimamupatsa ziwiri zoti asankhe, ubisala kuseri kwa ngolo kapena uponya moto. Akasankha ndimamuuza afotokoze yekha mmene zaonekera. Ndinamupatsanso ntchito yojambula mapu pa katoni. Oyankhula kwambiri aja ndinawapempha pambali kuti tizizungulira tebulo mmodzi mmodzi, anamvetsa bwinobwino.

Zovuta zilipo ndithu. Zonse zili mu Chingerezi ndiye DM umayenera kuwerenga usiku wake nkumasulira m'mutu, ukamawerenga pamaso pawo atsopano aja amatayika pompo. Madayisi ndi seti imodzi yokha timangopatsirana, tizidole toimira anthu pa mapu mulibe, ife tikugwiritsa ntchito zitsekerero za Fanta ndi nyemba. Koma chachikulu ndi nkhondo yoyamba ya ma goblin 4 (tizilombo tankhanza tooneka ngati tianthu) obisalira pamsewu, ndi yowawa kwa anthu a level 1, omwe sanakhale ndi mphamvu zambiri. Wizard (wamatsenga) amene mng'ono wanga anatenga anagwa asanachite kalikonse ndipo ndinaona nkhope yake itagwa, munthu woti akungoyamba kumene. Ngati muli ndi atsopano chepetsani ma goblin kapena athawe msanga.

Ndikupatsa nyenyezi 4 pa 5. Loweruka likubwerali tikulowa m'nyumba yobisalamo ma Redbrands, alamu anditumizira kale uthenga pa WhatsApp kufunsa ngati angalowe okha kaye usiku kukazonda.