Pulojekita ya "9000 lumens" ndi OpenLP: wogulitsa nyenyezi imodzi, pulogalamu zinayi

Iyi ndi pulojekita yolembedwa kuti "9000 lumens" (lumens ndi muyeso wa kuwala) imene ikugulitsidwa m'matchalitchi pamodzi ndi nsalu yoonetsera, chingwe ndi kuikira komwe. Yagwira ntchito miyezi 6 m'tchalitchi cha anthu pafupifupi 400, cha mawindo akuluakulu mbali zonse.

Wogulitsa anabwera kudzaiyesa Lachisanu cha m'ma 6 koloko madzulo, kunja kutayamba kuda. Mawu ankaoneka mpaka benchi lomaliza, komiti n'kulipira zonse pomwepo. Lamulungu pa mapemphero a 9 koloko, tsiku la mgonero, tchalitchi chitadzaza, nsalu inangoti mbee. Mawu a nyimbo analipo ndithu, koma ngati choko chimene mphunzitsi wafufuta kale pa bolodi. A m'mabenchi atatu akutsogolo ankawerenga mosinzinira, akumbuyo ankangong'ung'udza, ndipo popeza zinalengezedwa kuti mabuku a nyimbo atha kutsala kunyumba, ndime yachiwiri inaimbidwa ndi kwaya yokha. Ataimbiridwa foni, wogulitsayo anati titseke mawindo ndi makatani. Mwezi wa Okutobala, denga la malata, anthu 400! Kuchokera tsiku limenelo foni yake sayankhanso, ndipo lisiti analemba pa pepala lopanda dzina la sitolo.

Abale a m'makomiti, chinyengo chagona pa nambala ija ya 9000. Muyeso wodalirika wa kuwala ndi ANSI lumens. Bokosi likangoti "lumens" basi, kapena "LED lumens", kuwala kofika pa nsalu kumakhala kochepa kwambiri kuyerekeza ndi kolembedwako. Tchalitchi chopemphera masana mawindo ali otsekula chimafuna ma ANSI lumens 4000 mpaka 5000. Yesani makinawo pa ola lenileni la mapemphero, musanatulutse ndalama. Wodziwa ntchito sayesa madzulo okha.

Chingwe nachonso anatipusitsa. Anakoka HDMI wamba wa mamita 25 kudutsa m'denga, chithunzi n'kumathima n'kumabwera. HDMI wamba akapitirira mamita 15 amayamba kutaya chithunzi. Mankhwala ake ndi timabokosi tiwiri ta HDMI extender, kena ku laputopu kena ku pulojekita, pakati pake chingwe cha Cat6. Vutoli linatheratu.

Kunena chilungamo, makinawo paokha si oipa. Pa chitsitsimutso cha usiku ndi m'chipinda cha Sande Sukulu amaonetsa bwino, saphokosera, ndipo popeza ndi a LED, magetsi akazima mwadzidzidzi palibe babu loonongeka. Mapulojekita a babu amafuna fani izungulire kaye mphindi imodzi kapena ziwiri akazimitsidwa, n'chifukwa chake amafunika UPS (kabokosi ka batire kosunga magetsi akazima), ndipo sefa yake iyenera kupukutidwa fumbi pafupipafupi. Yathuyi masana imaonekako pang'ono mukaika mawu oyera, akuluakulu, pa malo akuda bii, mizere inayi yokha pa tsamba, popanda zithunzi za mitambo ndi maluwa kumbuyo.

Chosangalatsa chinachokera kumene sitinkayembekeza. Pulogalamu yolipira yoonetsera nyimbo ndi mavesi imene wogulitsa anaika mu laputopu inalibe chilolezo, choncho inachotsedwa n'kuikapo OpenLP, yomwe ndi yaulere ndipo imayenda pa Windows, macOS ndi Linux popanda intaneti. Poyamba dinani batani la Windows pamodzi ndi P, musankhe Extend; mukasankha Duplicate mpingo wonse uziona zimene mukufufuza. Nyimbo mumailemba kamodzi, ndime iliyonse payokha, kenako pa Verse order (ndondomeko ya ndime) mulembe V1 C1 V2 C1 V3 C1, V kutanthauza ndime, C kolasi. Wotsogolera akabwereza kolasi mosayembekezereka, monga amachitira mzimu ukakwera, dinani C basi. Laputopu ndi foni zikakhala pa Wi-Fi imodzi, ngakhale rauta ilibe bandulo, lembani adiresi ya laputopuyo pa Wi-Fi (IP address) mu browser ya foni n'kuwonjezera :4316 kumapeto, ndipo mlaliki atha kusintha masamba ali pa guwa.

Chenjerani ndi chilembo ŵ. Fayilo ya nyimbo ikawerengedwa molakwika, "Malaŵi" amatuluka "MalaÅµi" pamaso pa mpingo wonse. Posunga mafayilo sankhani kasungidwe ka zilembo kotchedwa UTF-8, ndipo yesani kaye ngati zilembo zimene mwasankha zili ndi ŵ, chifukwa zina zimaika kabokosi m'malo mwake.

OpenLP ndaimana nyenyezi yachisanu chifukwa cha Chichewa. Pulogalamuyi imalandira Baibulo losungidwa mu fayilo ya mtundu wa OSIS, Zefania kapena OpenSong, koma kupeza Buku Lopatulika kapena Buku Loyera lokonzedwa kale choncho, lokhala ndi chilolezo cha eni ake, ndi ntchito yaikulu. Mapeto ake achinyamata amataipa mavesi Loweruka usiku, ndipo zolakwika sizilephera. Tchalitchi chilichonse chikutaipa chokha nyimbo zomwezomwezo. Masinodi ndi madayosizi atagwirizana ndi eni mabukuwa n'kutulutsa fayilo imodzi yoyesedwa bwino, yofufuzika ndi nambala ya nyimbo, bwenzi vutoli litatha kalekale.

Opanga mapulogalamu akukamba za makina omva mawu a mlaliki n'kutulutsa okha vesi. N'zabwino, koma amve Chichewa, adziwe kuti "Aroma 8 ndime 28" ndi pati, ndipo achite zimenezo popanda intaneti. Chofunika mwachangu kuposa icho ndi chakuti mawu a pa nsalu azifikanso mu mafoni a anthu kudzera pa Wi-Fi ya m'tchalitchi, aliyense akulitse zilembo mmene maso ake akufunira. Agogo akumbuyo angathandizike, a m'tenti panja pa tsiku la ukwati angaimbe nawo, ndipo magetsi akazima laputopu ndi rauta zitha kupitiriza pa batire pulojekita itathima.

Kwa amene ali ndi ndalama zogulira ina, ya laser ndiyo yoyang'ana: zambiri zimalembedwa kuti zimafika maola 20,000 popanda kusintha babu. Nsalu ikhale pa khoma losayang'anizana ndi windo, ndipo theka la ndalama lisungidwe mpaka Lamulungu loyamba litadutsa.